A Kaye Agawa Zonse

Chinthu chimodzi sindinachimvetse pa a Kaye, ndipo pano ndinaleka kuyesa: kaya ntchito yawo ija ankaikonda, kaya ankadana nayo. Tinagwira pa depoti imodzi zaka zambiri, ine ku sikelo, iwo m'kachipinda ka makompyuta kuseri kwa kauntala, koma nkhope imene ankayang'ana nayo sikirini inali imodzimodzi tsiku labwino ndi tsiku loipa. Sindikulemba kuti ndiwatamande. Anali ndi zophonya zawo ngati munthu wina aliyense, ndipo chachikulu mwa izo chili m'nkhani ino.

Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukawathamangira ndi vuto, thukuta lili kamukamu, iwo osatembenuka n'komwe ankangoti, "Imani kaye." Madalaivala anatola mawuwo, n'kudula mutu wake, kutsala a Kaye. Anali munthu wamtali, wowerama pang'ono, wokonda malaya a manja aatali ngakhale kutenthe chotani. Sanakwatire. Ankachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya telala, ndipo ku ntchito ankabwera wapansi.

Depotiyo inali ya achemwali awo aakulu ndi alamu awo, kampani yaing'ono yonyamula katundu wa anthu: makatoni, matayala, mipando, makina osokera, njinga zokulungidwa m'masaka. Achemwali ankayang'anira kauntala, pamene katundu amalandiridwa, kupimidwa ndi kumatidwa sitika yonena lole imene akwere. Alamu ankayang'anira bwalo, malole ndi madalaivala. Pakati pa awiriwa panali pulogalamu ya pakompyuta imene inkadziwa katoni iliyonse: yalowa liti, ikulemera bwanji, ikupita kuti, yafika kapena ayi. Pulogalamuyo analemba ndi a Kaye, pang'onopang'ono, kuyambira nthawi imene kampani inali ndi lole imodzi yokha.

Vuto linali kamangidwe kake. Khodi yonse, ndiye kuti malangizo onse amene kompyuta imatsatira, inali mu fayilo imodzi, ndipo fayiloyo anaitcha zonse. Poyamba dzinalo linali nthabwala chabe. Koma chaka ndi chaka wina ankabwera ndi pempho lake, a Kaye n'kuwonjezera mizere pamene apeza mpata, mpaka fayilo inatalika moti ukagwira batani lotsikira pansi, tiyi amazizira usanafike kumapeto. Za sikelo zinagundana ndi za madalaivala, za sitika zinakolana ndi za mashelefu. Ukakoka ulusi pano, kunkasosoka uko. Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa njira mmenemo.

Chifukwa chake foni yawo sinkapuma. Anawaimbira ali pa mpando wa dokotala wa mano, m'kamwa muli thonje. Anawaimbira ali m'basi pa ulendo wokaona mnzawo wodwala, ndipo anatsika panjira n'kukwera yobwerera. Kampani inalembadi wolemba mapulogalamu wachiwiri, mayi wodziwa ntchito yake amene aliyense ankangowatcha Amake Mapasa, koma sizinathandize. Tsiku loyamba mayiwo anatsegula zonse, anatsika nayo, anatsikabe, kenako anavula magalasi.

"Bambo, m'nyumba muno mumagona pati? Khitchini, bafa ndi galaja zonse zili m'chipinda chimodzi."

"Mudzazolowera, mayi."

"Kuzolowera ndizolowera. Koma kugwira sindigwira. Ndili ndi ana awiri oti ndidyetse."

Ndipo sanagwiredi. Ankakonza timasamba ta pa sikirini, mitundu ndi zilembo, koma chilichonse cha mkati chinkadikira a Kaye.

Tsiku lina masana, nkhomaliro itatha, a Kaye analowa mu ofesi ya alamu, achemwali ali momwemo akusaka kiyi wa kabati.

"Alamu, ine ndikufuna kusiya ntchito."

Alamu anali munthu wonenepa, woseka ndi mimba yonse. Anaseka mpaka mpando unalira. "Akukunyengererani ndani? Tchulani dzina ndikamuone."

"Palibe."

"Ndiye mwapeza mkazi. Zikomo kwambiri, nthawi inakwana kale."

"Si mkazi. Ndatopa kukhala womangidwa chingwe m'mwendo. Kulikonse ndingapite, chingwe chimandikoka."

Achemwali sanaseke. Anatseka kabati n'kutsamira pomwepo. "Iwe, anthu onse ali pabwalo apo amadya chifukwa cha chinthu chili m'mutu mwakomo. Ukachoka nawo mutuwo, ife titseke geti?"

A Kaye anadziwa kuti zinali zoona. Sankafuna kugula ufulu wawo ndi njala ya mlongo wawo.

"Tipangane chonchi," anatero alamu, akupukuta misozi ya kuseka. "Tsiku limene chinthu chanucho chidzafe, n'kudzukanso inu osachigwira, osatsegula pakamwa, mwamasuka. Lisanafike tsiku limenelo, ndinu wathu."

Ananena mosavuta, chifukwa mumtima anali wotsimikiza kuti tsiku lotere silidzacha. A Kaye anatambasula dzanja. Alamu analigwira akusekabe.

M'mawa mwake ntchito inayamba. Zoyenera kuchita a Kaye ankazidziwa: kuphwasula zonse, gawo lililonse likhale mu fayilo yakeyake, mafayilo ogwirizana akhale mu foda imodzi, mafoda aang'ono alowe m'mafoda aakulu, kuti munthu wobwera ndi vuto azidziwa khomo loti agogode popanda kufunsa mwini nyumba. Iwo mafodawo ankawatcha zipinda. Chovuta chinali chakuti depoti siikanaima kudikira. Ankadula kachigawo, kukasamutsa, kuyesa pa kompyuta yapadera ngati zonse zikuyendabe, ndipo pokhapo n'kupereka ku kauntala. Zinali ngati kusuntha makoma a nyumba anthu akugonamo.

Apa ndi pamene anaphonya. Zaka zonse zija, akamawonjezera mizere mu zonse, pamwamba pake ankalemba amene wapempha: za achemwali, za alamu, za adalaivala aakulu. Komanso pa depoti paja chinthu chilichonse chinali cha munthu. Sikelo inali ya achemwali, bwalo linali la alamu, ngakhale ketulo inali ndi mwini wake. Choncho a Kaye sanaganize kawiri. Anatsegula foda n'kuitcha za_achemwali, ina za_alamu, ina za_adalaivala, n'kuyamba kututa mizere kupititsa kwa eni ake. Ndipo poti lole sikweza katundu amene sanadutse pa kauntala, foda ya alamu anailowetsa mkati mwa foda ya achemwali.

Patapita masabata angapo alamu anadutsa ndi kapu ya tiyi, n'kuima kumbuyo kwawo.

"Eee, mayina athu ali pa kompyuta! Ine ndili pati?"

"Apa."

"Nanga bwanji ndalowa mkati pang'ono? Enawa ayambira kumphepete."

"Ndiye kuti foda yanu ili mkati mwa foda ya achemwali."

Alamu anaika kapu pansi. "Alamu! Kunyumba ndikhale m'thumba mwa mlongo wanu, ndi mu kompyuta momwe?"

"Kompyuta sinama," anatero achemwali ali ku kauntala, osadzutsa mutu.

Pofika madzulo nkhani inali itafika pabwalo, ndipo madalaivala, abwana akangotembenuka, ankafunsana kuti, "Foda yaing'ono yapita kuti?" Alamu anayamba kulankhula ndi a Kaye mwaulemu wambiri, umene pa anthu awiriwa unali chizindikiro cha mkwiyo.

Pofuna mtendere, a Kaye anatulutsa foda ya alamu n'kuiika pambali pa ya achemwali, mofanana msinkhu. Apo mpamene pulogalamu inakana kudzuka. Fayilo iliyonse imayamba ndi kuitana mafayilo ena amene ikuwafuna, ndipo singayambe ntchito oitanidwawo asanakonzeke. Tsono za achemwali zinkafuna kudziwa lole kuti zilembe sitika, choncho zinkaitana za alamu. Za alamu zinkafuna kudziwa kulemera kwa katundu kuti zidzaze lole, choncho zinkaitana za achemwali. Amake Mapasa anasuzumira pa sikirini n'kuwomba m'manja.

"Banja likuitanana! Uyu akuti bwerani kuno, uyo akuti bwerani ndinu. Palibe akudzuka pampando."

A Kaye anazemba vutolo ndi timizere tachinyengo, pulogalamu n'kudzuka. Koma chimene chinawatsegula maso chinabwera pambuyo pake. Mu za_alamu munapezeka kacholakwa kakang'ono, koti mwana wa sukulu akanatha kukonza. Amake Mapasa anakaona m'mawa, koma mpaka masana kanali pomwepo.

"Mayi, simunakonze bwanji? Mwakaona kale."

"Pakhomo palembedwa dzina la abwana. Ndilowe m'chipinda cha abwana osagogoda? Mawa lole ikasochera, adzati ndani anagwira za alamu?"

"Ndiye mukanawafunsa."

"Ndawafunsa."

"Ati bwanji?"

"Ati funsani a Kaye."

A Kaye anayang'ana mayina aja pa sikirini. Miyezi yonse ija anamanga makoma, koma njira zonse zinkatherabe pa mpando wawo. Zipinda za anthu zimafuna mkhalapakati, ndipo mkhalapakatiyo anali iwo. Sanadandaule mokweza, sanamenye tebulo. Anabwezera zonse mmene inalili poyamba, nati, "Tiyambirenso."

Tsiku lotsatira sanayatse kompyuta. Anaima pa geti mpaka panafika bambo wina atasenza katoni ya makina osokera, ndipo anaitsatira katoniyo. Inalandiridwa, iwo ali pambuyo. Inakwera sikelo, inamatidwa sitika, inakhala pa shelefu, inakwezedwa mu lole, iwo ali pambuyo, manja kumsana ngati woperekeza mlendo. Okweza katundu anafunsana ngati mutu wayamba kuwazungulira. Koma pobwerera m'kachipinda kawo anali ndi mayina ena, ochokera pa zimene zimachitikira katoni, osati pa amene amalamula.

Foda yoyamba anaitcha kulandira, ndipo mkati mwake anaikamo kupima ndi sitika. Yachiwiri ulendo, mkati mwake njira ndi kukweza. Yachitatu kupereka, ya zonse zochitika katundu akafika kwa mwini wake. Pansi pa zonsezi anaika foda yaing'ono yotchedwa katundu, yongonena kuti katoni n'chiyani: kulemera kwake, mwini wake, kopita. Foda imeneyi aliyense ankaloledwa kuiitana, koma yokha sinkaitana aliyense. Anakhazikitsa lamulo loti kuitana kuziyenda mbali imodzi, kosabwerera. Za sitika zikafuna lole zifunse ku ulendo, koma za ulendo zikafuna kulemera zisapite ku kauntala, zitsikire kwa katundu. Kuitanana kuja kunathera pomwepo. Foda iliyonse anaipatsanso khomo limodzi, fayilo yaifupi yonena zimene akunja angapemphe. Za kuseri kwa khomolo zinali za m'nyumba, wakunja osazigwira.

Alamu anabwera kudzaona. "Dzina langa lapita kuti?"

"Ndalichotsa. La achemwali lomwe."

Anaganiza pang'ono. "Onse awiri? Chabwino. Bola tagwera limodzi."

Kusamutsa kwachiwiriku kunatenga nthawi yaitali kuposa koyamba, ndipo kunafukula zinthu zimene a Kaye sanakondwere kuziona. Anapeza kuti kuwerengera kulemera kunalembedwa malo atatu, poti anthu atatu anapempha pa nthawi zosiyana, ndipo malo atatuwo sankagwirizana. Kwa achemwali theka la kilo linkakwera kukhala kilo yathunthu, kwa alamu linkatayidwa, kwa adalaivala linkasiyidwa mmene lilili. Zaka zonsezo anthu ankakangana pabwalo kuti lole yalemera kapena ayi, aliyense akuloza pepala lake, osadziwa kuti wowayambanitsa ali m'kachipinda akumwa tiyi. A Kaye anawaitana onse atatu, anavomera kuti cholakwa n'chawo, n'kuwapempha asankhe njira imodzi. Mkangano wake unadya masana onse. Anapambana achemwali.

A Kaye nawonso anapitirira muyeso. Atazolowera kumanga zipinda, anayamba kumanga chipinda m'chipinda m'chipinda, mpaka tsiku lina Amake Mapasa anatsegula foda, anapezamo foda, anatsegula iyo, anapezamonso foda, ndipo pakatikati penipeni panali fayilo imodzi ya mizere yochepa.

"Bambo, uku ndi kukulunga singano m'mabulangete. Ndatsegula makomo onsewa kuti ndipeze kameneka?"

A Kaye anagwetsa makoma owonjezerawo osatsutsa. Koma pa nkhani ina anatsutsa. Chakumapeto kunatsala timizere tosadziwika kwawo: kosintha kalembedwe ka deti, kotumiza uthenga pa foni, kena kowerenga sikelo yakale imene inagulitsidwa kalekale. Atatopa, anatsegula foda n'kuitcha zina, n'kukankhiramo zonsezo.

"Iyi ayi," anatero Amake Mapasa.

"Ndi yongoyembekezera, mayi."

"Zina ndi zonse yemwe uja, wangosintha malaya. Lero muli tinthu tisanu, chaka chamawa aliyense wofulumira azidzataya momwemo. Ndipo wodziwa zili mmenemo adzakhala ndani? Inu."

"Nanga tiziike kuti? Zilibe kwawo."

"Chilichonse chili ndi kwawo. Chopanda kwawo n'chakufa, titaye."

Anakangana masiku awiri, a Kaye akuumirira kuti nyumba iliyonse imafuna kachipinda kosungiramo makasu. Tsiku lachitatu anafika m'mawa, anatenga timizere tija kamodzikamodzi, kupeza kwawo kwa kalikonse, ndipo ka sikelo yakale anakafufuta. Foda ya zina inatsala yopanda kanthu, n'kuichotsa. Sananene kuti mayi munalondola, ndipo mayiwo sanayembekezere kumva zimenezo.

Zigawo zomaliza a Kaye sanasamutse okha. Anapereka mpando kwa Amake Mapasa, iwo n'kukhala pambali, zala zikuyabwa. Mayiwo akafunsa kuti chakuti chili kuti, ankayankha ndi funso: "Inu mukuona kuti chingakhale m'chipinda chiti?" Khalidwe limeneli linkakwiyitsa, ndipo mayiwo ananena kangapo kuti amuna awo akanayesa kuyankha chonchi akanagona ndi njala. Koma pang'onopang'ono mafunso anachepa.

Tsiku la pangano lija linafika sukulu zili pafupi kutsegulidwa. Nyengo imeneyo depoti imadzaza ndi masutikesi, matiresi ndi zidebe za ana a sukulu zogonera komweko, makolo ali pamzere mpaka kunja kwa geti. Sabata yapitayo kampani inali itatsegula njira yatsopano ya kumapiri, kuwonjezera pa yakale ya kuchigwa, ndipo anailowetsa mu pulogalamu anali Amake Mapasa. Chakum'mawa ndithu, wokweza katundu wina anaima ndi matiresi pamutu.

"Abwana, mayi awa akuti mwana wawo amaphunzira kumapiri. Nanga sitika ikuti lole ya kuchigwa bwanji?"

Alamu anayang'ana masitika ena. Ena anali olondola, ena olakwika, ndipo panalibe wodziwa kuti olakwikawo ndi angati mwa katundu amene anali atakwera kale. Alamu analamula kuti kukweza kuime, kauntala iime, malole azimitse injini. Kenako anathamangira m'kachipinda.

"Alamu, tafa! Masitika apenga!"

Dzanja la a Kaye linali litafika kale pa kiyibodi mwa chizolowezi. Analiyang'ana, n'kulibweza. Anaimirira, anapisa manja onse awiri m'matumba.

"Mayi, mpando ndi wanu."

Alamu anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, kenako anamvetsa. "Ayi, ayi, ayi. Osati lero. Zija zinali zocheza, alamu."

"Munagwira dzanja langa."

"Ndinagwira, koma ndinali nditakhuta. Pangano la munthu wokhuta siliwerengedwa."

"Likuwerengedwa."

Amake Mapasa anakhala pansi, anapukuta magalasi ndi nsonga ya bulauzi, n'kuyamba. A Kaye anali kumbuyo kwawo, ndipo mumtima analibe chikayiko: vuto lili ku sitika. Zaka zapitazo zofanana ndi zimenezi zinachitikapo, ndipo zinali ku sitika. Mawuwo anali pakhosi, akukankha. Anaona mayiwo akutsegula kulandira, akulowa mu sitika, akuwerenga pang'ono, kenako akutseka n'kulowera ku ulendo. Mwaphonya, mayi, bwererani! Chinatuluka ndi chifuwa chokha. Anakhosomola, anatuluka panja, nakakhala pa tayala lakale pafupi ndi mpanda, pamene aliyense akanatha kuwaona kuti sakugwira kanthu.

Dzuwa linakwera. Mzere unayamba kung'ung'udza, kenako kulankhula, kenako kukuwa. Achemwali anatuluka ku kauntala n'kuwoloka bwalo. Sanakhale pansi.

"Iwe. Tayang'ana anthu awo. Mayi uyo wa diresi yobiriwira wabwera kusanatenthe, mpaka pano waima. Uli ndi manja awiri abwinobwino."

"Ndikuona, achemwali."

"Ndinakusambitsa ine. Ndinakupukuta mamina. Lero ndikukupempha kanthu kamodzi."

"Ndikalowa umo lero, Amake Mapasa sadzakhulupiriranso kuti angathe. Inunso simudzakhulupirira. Ndidzakalambira pa mpando uja."

"Ndiye kuli bwino ife tichite manyazi pamaso pa anthu?"

A Kaye anayang'ana pansi. "Lero lokha, inde."

Achemwali anawayang'ana ngati munthu amene sakumudziwa, n'kubwerera.

Nthawi imene inatsatira inali yaitali kuposa miyezi yonse ya kusamutsa. Bambo wina analanda sutikesi ya mwana wake, akulengeza kuti makampani onyamula katundu ndi ambiri m'tauni muno, ndipo ena awiri anamutsatira. Madalaivala anakhala mu mthunzi wa lole, osaseka, osawayang'ana. A Kaye anayamba kudzifunsa ngati zipinda zija zinali zomveka kwa munthu wina, kapena kwa iwo okha amene anazimanga. Kawiri konse anadzuka pa tayala paja. Kawiri konse anakhalanso pansi, manja ali pakati pa mawondo.

Kenako kudzera pa zenera anamva pulinta ikulira. Inalira kamodzi, inaima, n'kuyamba kulira mosalekeza. Wokweza katundu uja anatuluka ndi sitika m'manja, anaiwerenga mokweza, mayi wa matiresi n'kuvomera ndi mutu. Okweza katundu anatsitsa katundu yense amene anali atakwera, kumatanso masitika, ndipo malole ananyamuka dzuwa litapendeka, mochedwa kwambiri.

Amake Mapasa anatuluka bwalo litayamba kuchepa anthu, atanyamula botolo la madzi, n'kuima pafupi ndi tayala.

"Pa mphambano," anatero.

"Chiyani?"

"Njira ya kuchigwa ili ndi malo amene madalaivala amangoti pa mphambano. Ya kumapiri nayonso ili ndi pa mphambano pake. Fayilo ya njira ikafunsidwa, imangotola mphambano yoyamba kuipeza. Ndaiphunzitsa kufunsa kuti mphambano ya njira iti."

"Mwagwira mafayilo angati?"

"Imodzi. Kuchedwa konseku ndimafuna nditsimikize kuti sindikuphwanya kwina."

"Nanga ku sitika?"

"Sitika yalakwa chiyani? Imalemba zimene yauzidwa. Ndinangofunsa kuti wakuuza ndani, n'kutsatira khomo ndi khomo."

A Kaye anakanda chibwano. "Ine ndikanayambira ku sitika. Mwina ndikanakhala komweko mpaka pano."

"Ndinakumvani mukukhosomola," anatero mayiwo, n'kumwa madzi awo.

Alamu anayesa kuzemba. Ananena kuti chifuwa chija chinali chizindikiro chogwirizana kale, ndipo kukhosomola n'kutsegula pakamwa ndithu. Ananena kuti kufa kwa masitika si kufa kwa pulogalamu yonse. Atatha nthabwala zonse anasiya kuseka, nati, "Khalani basi, alamu. Osagwira kanthu ngati simukufuna. Muzingokhala pompo tizikuonani." A Kaye anapukusa mutu.

Achemwali ndiye sanawalankhule masiku angapo. Akafuna kanthu ankatuma munthu, ngakhale a Kaye ali poti akanawamva. Makasitomala atatu aja sanabwerenso, ndipo achemwali sanali munthu woiwala nkhope ya kasitomala. Koma Loweruka lina masana anafika kuseri kwa shopu ya telala, kumene anali asanapondeko zaka zambiri. Anayang'ana bedi, tebulo, mabuku ounjikidwa pansi, makatani ofupika kuposa zenera.

"Umakhala chonchi?"

"Ndimangogonamo."

Achemwali anakhala pa mpando umodzi umene unalipo. "Tsiku lija unandipweteka."

"Ndikudziwa."

"Sindinakhululuke. Mwina chaka chamawa." Anatsegula chikwama, anatulutsa juzi yatsopano ya ubweya n'kuiponya pa bedi. "Sindikudziwa ngati kumene ukupitako kumazizira. Pita. Ukakhala pano udzayamba kudana nafe, ndipo zimenezo sindingazipirire."

A Kaye sanafune phwando lotsanzikana, ndipo atamva kuti madalaivala akukonza zolankhula, anafulumiza tsiku. Tebulo ndi mpando anasiyira telala, mabuku anakapereka ku laibulale ya pafupi ndi msika. Lachiwiri lina m'mawa anafika pa depoti ndi chikwama chimodzi, anapereka kiyi wa kachipinda kwa Amake Mapasa, n'kuzungulira bwalo akugwira dzanja aliyense, mpaka mlonda. Alamu anawauza kuti asankhe lole iliyonse, akhale kutsogolo ndi dalaivala. Iwo anathokoza, nati ayenda wapansi. Alamu anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma sinabwere, ndipo analowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Pa geti anakhotera kumanzere, kumene kuli siteshoni ya mabasi, komanso ya sitima, komanso msewu waukulu wotuluka m'tauni. Pambuyo pake dalaivala wina anati anaona munthu wamtali wofanana nawo akugulitsa mbande za mitengo m'mbali mwa msewu wa kumapiri, koma anali pa liwiro, sanaime. Wina anati ayi, anamva kuti akuphunzitsa masamu pa sukulu ina yakutali. Telala akuti anawoloka malire. Anthu akafunsa achemwali, iwo amapitiriza kulongedza zimene akulongedza, n'kuyankha kuti, "Sananene, ine sindinafunse."